Kugulitsa alamu ya njinga yamoto yomwe munagwiritsapo kale ntchito kuno ku Joni: mmene mungachitire

Amwene, mwezi wathawu ndagulitsa ka alamu komwe kanali pa Boxer yanga ija. Njingayo ndinagulitsa kalekale kwa m'bale wina wa ku Mangochi yemwe anati alamu sakuifuna, iye amadalira tcheni ndi loko basi, nde ka alamuko kanangokhala m'katoni ya nsapato pansi pa bedi miyezi itatu kuno ku Rosettenville. Ine ndimaona ngati ndi nkhani ya tsiku limodzi, kujambula, kuponya pa Facebook, munthu n'kubwera ndi ndalama. Zinanditengera masabata awiri. Ndipo aliyense amene amandiimbira funso lake loyamba silinali la mtengo ayi, linali lakuti malimoti alipo angati.

Poyamba sindimamvetsa, kenako ndinazindikira. Munthu wogula foni yakale amaopa kuti mwina ndi yakufa, koma wogula alamu yakale amaopa inuyo. Akuganiza kuti bwanji ngati mkuluyu wasunga limoti imodzi, mawa andilondole pomwe ndimaimika njinga pa mall podikira maoda, angodina kamodzi n'kuikankha. Ndipo simungamunene kuti ndi wamantha, anyamata a delivare kaya a Uber Eats, Mr D kaya a Sixty60 akulandidwa njinga tsiku ndi tsiku mu tauni muno. Nde zonse zomwe ndilembe apazi mutu wake ndi umodzi, kuchotsa mantha amenewo mwa wogula, popanda inuyo kuberedwa.

Choyamba, alamuyo ndi yanudi?

Musaseke. Ambiri a ife timayendetsa njinga za mabwana, zolipira pa sabata zija. Ngati alamu munaipeza ili kale pa njinga, si yanu, olo mwakhala nayo zaka ziwiri. Ngati munagula nokha n'kuika pa njinga ya bwana, muuzeni kaye musanachotse chifukwa pochotsa mugwira mawaya a njinga yake.

China, musasokoneze alamu ndi tracker, kachipangizo kolondolera pomwe njinga ili. Ma tracker a makampani ngati Netstar, Cartrack kapena Tracker amayenda ndi kontrakiti, pena kabokosiko kamakhala kadakali ka kampani, komanso popanda kulipira pamwezi kalibe ntchito. Kameneko musayerekeze kugulitsa musanawerenge pepala lomwe munasaina. Zomwe ndikunena pano ndi alamu wamba zija za 12V zokhala ndi kabokosi, sairini ndi malimoti, komanso maloko a pa disiki olira aja.

Fufuzani lisiti. Ngati munagula pa Takealot kapena pa intaneti pena paliponse, oda yanu ikadalimo mu app kapena mu imelo, jambulani sikirini. Ngati munagula ku China Mall kapena ku Dragon City ndipo kapepala kanatayika, onani mu foni ngati muli ndi chithunzi chakale cha njinga yanu pomwe limoti ikuoneka pa makiyi. Apo ayi mutha kukalemba affidavit, kalata yolumbira ija, ku polisi, salipiritsa. Chifukwa chake n'choti lamulo la kuno, gawo 36 la General Law Amendment Act ya 1955, limati munthu akapezeka ndi katundu wokayikitsa kuti ndi wakuba ndipo akulephera kufotokoza bwino komwe wamutenga, umenewo ndi mlandu kale. Tangoganizani akuimitsani pa Jules Street, m'chikwama muli alamu ya njinga mawaya ake oduladula, inu chizungu chikukuvutani. Lisiti limakupulumutsani pamenepo.

Kuchotsa pa njinga

Ngati inachotsedwa kale dumphani apa. Ngati ikadali pa njinga, apa nde pomwe anthu amaononga ndalama yawo okha.

Musanagwire chilichonse jambulani zithunzi, zambiri, waya uliwonse pomwe walowa. Zithunzi zimenezi muzamupatsa wogula, ndipo kwa iye n'zofunika kuposa kabuku ka m'katoni kaja kolembedwa chizungu chosamveka. Kenako zimitsani alamu ndi limoti, masulani batire la njinga kuyambira ku negetivu, kumaliza ndi ku pozitivu. Alamu zina zili ndi kabatire kake mkati nde mukangomasula zimayamba kukuwa, musachite zimenezi 5 koloko m'mawa pa yadi yomwe mumakhala anthu 20, ine anandinena mpaka ku gulu la WhatsApp la alendi kkkk.

Pa alamu zotchipa zambiri mitundu ya mawaya imakhala chonchi: wofiira umapita ku pozitivu ya batire ndipo uli ndi fyuzi, wakuda ndi wa negetivu, achikasu awiri amapita ku maindiketa, wa olenji ku swichi ya kiyi, wabuluu ku sitata ngati alamuyo imaliza njinga ndi limoti, kenako pali awiri, kawirikawiri wa pinki ndi wotuwa, omwe ndi ozimitsa injini. Makampani amasiyana nde musalumbire pa mitunduyi, tsatirani waya ndi maso anu.

Awiri omalizawo ndi amene ali ndi nkhani. Poika alamu makaniko anadula waya wa njinga wopita ku CDI, kabokosi koyendetsa moto wa injini, n'kulowetsa alamu pakati. Mukachotsa alamu osalumikizanso mbali ziwirizo, njinga ikana kulira, kapena pa njinga zina ilira koma mukatembenuza kiyi siizima. Ine ndinapanga zimenezi. Ndinakankha Boxer kuchoka ku Rosettenville mpaka ku Turffontein thukuta lili kamukamu, makaniko anangoyang'ana n'kulumikiza mawaya awiri, mphindi zitatu, n'kundiuza R100. Lumikizani bwino, ngati n'kotheka muwotcherere ndi soda (solder), n'kukulunga ndi tepi yakuda kapena ka chubu kofinya ndi moto kaja, osangopotokola ndi zala chifukwa ndi mabampu a misewu ya kunoyi pakatha mwezi zimasuka.

Ndipo chonde musadule mawaya a alamu pafupi ndi pulagi. Masulani pomwe analumikiza, waya utuluke wautali mmene unalili. Alamu ya mawaya afupiafupi imaoneka ngati yozulidwa mothamanga usiku, wogula aliyense wanzeru athawa, komanso makaniko wake avutika kuika. Ngati manja anu sazolowera za magetsi perekani kangachepe kwa makaniko akuchotsereni, muzaphatikiza pa mtengo.

Yesani musanauze munthu kuti ikugwira

Pukutani kaye. Kansalu konyowa pang'ono pa kabokosi, kaburashi ka mano kakale pa pulagi. Yang'anani mapini a pulagi, ngati ali obiriwira kapena oyera ngati ufa ndiye kuti madzi analowa. Mvula ya ku Joni ya October mpaka March mukuidziwa, ya mabingu ndi matalala ija, kabokosi ngati kanali pansi pa mpando pomwe pamadontha kamakhala katamwa madzi. Kagwedezeni pafupi ndi khutu, mukamva zinthu zikuyenda mkati si zabwino.

Kuyesa kwake n'kosavuta, simufunikanso njinga. Tengani batire la 12V, wofiira ku pozitivu wakuda ku negetivu, mawaya enawo akulungeni nsonga asakhudzane. Lumikizani sairini, ikulungeni ndi thaulo chifukwa zambiri zimalembedwa 120 kapena 125 dB ndipo m'chipinda chaching'ono makutu amawawa. Dinani kutseka, ilire kamodzi. Dikirani masekondi angapo kenako gogodani kabokosi ndi chala, iyenera kuchenjeza, mukagogodanso ikuwe. Dinani kutsegula isiye. Chitani zimenezi ndi limoti iliyonse payokhapayokha, batani lililonse. Kenako tulukani panja muone kuti limoti ikugwira mpaka pati, muwerenge mapazi, chifukwa zomwe analemba pa katoni za mamita 100 zija zimakhala za pabwalo la mpira popanda khoma. Ngati muli ndi kababu ka indiketa, kaikeni pakati pa waya wachikasu ndi negetivu muone ngati kakuphethira.

Mabatire a malimoti sinthani, atsopano. Ambiri amadya ka 27A kapena 23A ka 12V kaja, ena CR2032 kapena CR2016 ozungulira ngati ndalama yachitsulo, tsegulani muone nambala. Ndi ndalama yochepa koma limoti yofooka pa tsiku logulitsa imagwetsa dilu yonse.

Pali kuyesa kwina komwe ambiri sachita koma ndi komwe kunandigulitsira ine. Dandaulo lalikulu la alamu zotchipa ndi kumaliza batire la njinga. Bwerekani multimeter, mita yoyezera magetsi ija, masulani waya wofiira, mita ikhale pakati pa batire ndi wayawo. Yambani pa 10A, mutseke alamu ikhazikike, kenako nde mupite pa mA, ndipo musaigogode ili pa mA chifukwa sairini ikalira imaotcha fyuzi ya mita ya mwini wake. Muone nambala. Tiyeni tiwerengere limodzi: ikamadya 5 mA, pa maola 24 ndi 120 mAh, batire la njinga zathuzi la 5Ah kapena 7Ah silimva kanthu bola njinga ikuyenda. Koma ikamadya 30 mA ndi 720 mAh pa tsiku, munthu akaimika njinga masiku anayi wadwala kapena wapita ku maliro, batire la 5Ah latsika kupitirira theka, ndipo mu June ndi July kuzizira kwa kunoku m'mawa sitata ingoti tcha tcha basi. Nambala yanu ikakhala yabwino ijambuleni, ikakhala yoipa muuzeni wogula kapena ingosiyani kugulitsa.

Ngati ndi loko ya pa disiki, kaya Xena, Abus, Oxford kapena zopanda dzina zija, kuyesa kwake ndi kungotseka pa chitsulo n'kugwedeza. Onani kuti pini ikulowa ndi kutuluka osakakamira, makiyi onse akutsegula, mabatire mkati sanachite dzimbiri. Zotchipa zambiri zimadya timabatire ta LR44 tingapo, za Xena zambiri zimadya CR2 imodzi. Yezani kunenepa kwa pini, 6mm kapena 10mm kapena kuposa, chifukwa pini yonenepa silowa m'mabowo a disiki ya njinga yaing'ono, ndipo kumbukani kuti ma Boxer ndi ma Ace ambiri ali ndi mabuleki a dramu, alibe disiki n'komwe, nde wogula afunseni kaye njinga yake.

Za malimoti ndi simu

Alamu zambiri zimabwera ndi malimoti awiri. Perekani onse awiri. Ngati imodzi inatayika nenani poyera pa chilengezo pomwe, musadikire kuti afunse, ndipo mtengo utsike kwambiri. Alamu zina zimalola kufufuta malimoti akale n'kuphunzitsa atsopano, pamakhala kabatani mkati mwa kabokosi kapena njira yake yolembedwa m'kabuku, malimoti a 433 MHz amapezeka m'mashopu a zamagetsi. Ngati yanu ndi yotere chitani zimenezi wogula akuona, afufute yekha, aphunzitse yekha. Ngati siilola ndipo muli ndi limoti imodzi yokha, kunena zoona ine ndingati igulitseni kwa makaniko ngati sipeya kapena kwa munthu wokudziwani bwino, mlendo sangagone tulo nayo.

Ngati alamu yanu ndi ija yoimba foni kapena ya GPS, chotsani simu. Simu imeneyo inalembetsedwa RICA pa dzina lanu ndi pasipoti yanu, chilichonse chochitika ndi nambala imeneyo chizabwera kwa inu. Chotsaninso kachipangizoko mu akaunti yanu ya app, fufutani nambala yanu ya foni mkati mwake, bwezerani pasiwedi ya ku fakitale ndipo mumuuze wogula asinthe yake tsiku lomwelo. Mukasiya chili pa akaunti yanu ndiye kuti mukutha kuona pomwe njinga ya munthu yagona, tsiku lomwe idzabedwe woyamba kutchulidwa ndinu.

Mtengo

Apa musadzinamize ndi ndalama yomwe munagulira. Onani mtengo wa yatsopano lero pa Takealot komanso mufunse m'mashopu a ma sipeya, chifukwa zinthu zimenezi zimatsika mtengo ndipo yatsopano ili ndi galanti, yanuyo ilibe. Ine lamulo langa ndi theka. Tinene kuti yatsopano ili pa R600, yanu ndi yathunthu, malimoti awiri, mawaya aatali, lembani R350 mukudziwa kuti mugwirizana pa R300. Limoti imodzi, gawani pakatinso. Za mayina odziwika monga Xena kapena Abus zimasunga mtengo, mutha kupitirira theka pang'ono ngati makiyi onse ndi lisiti zilipo. Koma ngati yatsopano ndi ya R250, musataye nthawi ndi ndalama ya tekisi kupita ku Randburg kukagulitsa R100, mpatseni mnzanu wa pa renki akugulireni kota (buledi wa tchipisi mkati uja) ndi drinki zithe.

Njira ina yokwezera mtengo ndi kuphatikiza kuika. Gwirizanani ndi makaniko wanu, nenani kuti mtengowu ndi kuika komwe. Anyamata a delivare alibe nthawi yoyendayenda, ola lililonse njinga itaima ndi maoda otayika.

Kogulitsa ndi kalembedwe kake

Yambani pafupi. Pomwe mumadikirira maoda, gulu la WhatsApp la madalaivala, gulu la a kumudzi, kutchalitchi kapena kumzikiti. Munthu amene akudziwa pomwe mumakhala sachita mantha kwambiri ndi nkhani ya limoti ija, komanso sangakupatseni ndalama yabodza. Vuto la abale ndi ngongole, "ndikupatsani Lachiwiri akatilipira", Lachiwiri lake silifika. Muziti mwaulemu, achimwene katunduyu ndikusungirani mpaka Lachiwirilo, mubwere ndi ndalama mudzatenge.

Zikakanika pitani pa Facebook Marketplace ndi Gumtree. Lembani mu chizungu chosavuta chifukwa ogula ambiri ndi a ku Zimbabwe, Congo, Uganda ndi eni dziko. Mulembe mtundu wa alamu, kuti ndi 12V, inali pa njinga yanji ndipo kwa nthawi yaitali bwanji, malimoti angati, chomwe chilipo ndi chomwe palibe, chifukwa chomwe mukugulitsira, mtengo, ndi dera lokha osati nambala ya nyumba. Zithunzi jambulani masana panja, zonse zitayalidwa pa katoni yoyera, china chapafupi chosonyeza pulagi. Kavidiyo ka masekondi 20 kosonyeza malimoti onse awiri akugwira ntchito kamaposa mawu onse. Pa chithunzi pasaoneke nambala puleti ya njinga, geti la nyumba, kapena mano a makiyi a loko pafupi.

Cash Crusaders ndi Cash Converters aliponso ngati mukufuna ndalama lero lomwe, koma dziwani kuti amagula motsika chifukwa nawonso akagulitse, ndipo sikuti nthambi iliyonse ingalandire alamu ya mawaya. Adzafuna ID kapena pasipoti, si nkhanza ayi, lamulo la Second-Hand Goods Act la 2009 limawakakamiza kulemba dzina la aliyense wowagulitsa katundu.

Akuba a pa foni

Mukangoponya chilengezo, pasanathe ola wina alemba kuti akufuna, sakunenerera n'komwe, ali ku Polokwane kapena ku Durban, atumiza dalaivala adzatenge. Kenako ikubwera SMS yooneka ngati ya ku banki kapena pepala la umboni woti walipira. Ine inandipeza, SMS yokongola bwino ya R350, ndipo dalaivala anali kale pa msewu akuimba kuti ndili pa kona. Chinandipulumutsa n'choti ndinatsegula app ya banki ndi kuona balansi ili pomwe inali, R42 yanga yomwe ija. Nditamuuza kuti ndidikira ndalama ilowe kaye anayamba kukalipa kuti ndikumuchedwetsa, kenako nambala inazima.

Nde lamulo ndi limodzi, SMS si ndalama, chithunzi si ndalama, PDF si ndalama. Ndalama ndi yomwe mukuiona mu app yanu mutatsegula nokha. EFT wamba yochoka banki ina imatha kutenga tsiku kapena masiku awiri, nde wogula weniweni muuzeni atumize ya pompopompo kapena PayShap, yomwe inayamba mu 2023 ndipo imalowa nthawi yomweyo. Ngati watumiza ndalama yokatapa pa ATM ndi nambala yachinsinsi, katapeni kaye ili m'manja nde mupereke katundu. Wina akati watumiza yopitirira mwangozi mubweze yapamwamba, ameneyo ndi wakuba. Wina akatumiza linki kuti mulembe nambala ya khadi kuti mulandire ndalama, kapena akufunsa OTP, kanambala kachinsinsi komwe banki imakutumizirani pa foni, wakubanso.

Tsiku lokumana

Masana, pagulu, pomwe pali makamera. Pa filing'i siteshoni yodzadza anthu kapena pakhomo pa mall ngati Southgate, Eastgate kapena Cresta malinga ndi komwe muli. Musaitanire munthu kunyumba ndipo musapite kunyumba kwake, akasintha malo mphindi yomaliza kuti bwerani kuseri kuno, bwererani. Tengani mnzanu. Ngati mwapita pa njinga iimikeni poonekera, chifukwa pali ena alamu sakuifuna n'komwe, akufuna njinga yomwe mwakwerayo ndi foni.

Nyamulani kabatire ka 12V m'chikwama, kapena mugwiritse la njinga yanu ndi timawaya ta mano tija, muyese pamaso pake. Mpatseni malimoti adine yekha. Alondera auzeni kaye kuti tiliza alamu pang'ono, apo ayi akuthamangirani. Ngati ndi kashi, ma R100 ndi ma R200 ayang'aneni pa dzuwa muone chithunzi chobisika m'pepalamo ndi kamzere kachitetezo, mupapase ndi chala zolemba zotukuka zija. Wogula wabwino sakwiya ndi zimenezi.

Ndipo apa mvetsani bwino amwene, musamufunse komwe amakhala, komwe amaimika njinga usiku, kapena mall yomwe amadikirira. Ife Amalawi timakonda kucheza, kwanu n'kuti, mumagona kuti, mwabwera liti, koma pa dilu iyi mafunso amenewa amamveka ngati mukumusaka. Mulekeni anene yekha akafuna.

Muuzeni zoona zonse za alamuyo. Ngati imalira yokha thiraki ikadutsa, nenani. Ngati ili ndi batani loliza injini patali, muchenjezeni kuti njinga ikakhala mu giya imadumpha n'kugwa, ine waya wabuluu uja ndimalangiza kuti asalumikize n'komwe. Ngati njinga yake ndi ya fuel injection osati ya kabuleta, apite kwa makaniko wodziwa za magetsi chifukwa kadulidwe ka injini n'kosiyana ndipo kompyuta ya njinga ikapsa ndi ndalama zambiri kuposa alamu khumi.

Kenako kapepala. Kunoko pali mawu oti voetstoots, kutanthauza kuti mwagula mmene chilili. Pa malonda a munthu ndi munthu ngati awa mawuwa amagwira ntchito, chifukwa Consumer Protection Act ya 2008 imakhudza amene kugulitsa ndi bizinesi yawo, osati inu amene mukugulitsa kamodzi katundu wanu. Koma voetstoots siikutetezani ngati mumadziwa vuto n'kulibisa dala. Lembani pa pepala kapena pa WhatsApp pomwepo: tsiku, mtundu wa alamu, nambala yake ngati ilipo, malimoti awiri aperekedwa, yayesedwa pamaso pa wogula, mtengo, voetstoots. Iye ayankhe kuti wavomera. Ine ndimaonjezera masiku atatu, kuti ikakana kugwira ataika makaniko ndipo mawaya sanapse, abweze ndimubwezere ndalama. Palibe lamulo londikakamiza koma ndi mawu amenewa amene anapangitsa mnyamata wa ku Bulawayo yemwe anagula alamu yanga kutulutsa R300 osanenereranso.

Ngati wogula ali kutali

Ndalama ilowe kaye yonse pamodzi ndi yotumizira. PAXI ya ku PEP ndi yosavuta, mumasiya pa PEP ya kwanu iye akatenga pa PEP ya kwawo, PostNet iliponso. Chotsani mabatire mu loko yolira musanapakire, apo ayi ikuwa njira yonse mpaka kufika itatha mphamvu. Jambulani kavidiyo mukupakira kuonetsa malimoti onse akulowa, mutumizireni nambala yolondolera katundu.

Ena amati bola kutumiza kumudzi kwa mng'ono wa kabaza, pa Lifo kapena King Lion yake. N'zotheka, nazonso ndi za 12V, ndipo kakatundu kake n'kochepa koti munthu wokwera basi pa Park Station atha kuika m'chikwama. Koma mutumize ndi zithunzi za mawaya zija ndi mabatire a limoti apadera awiri atatu, chifukwa ka 27A kukapezeka pa tiredingi senta ya kumudzi si nkhani yapafupi, ndipo musayembekeze ndalama, imeneyo ndi mphatso basi.

Mukagulitsa chotsani chilengezo tsiku lomwelo kuti mafoni asiye, koma macheza a pa WhatsApp ndi chithunzi cha kapepala kaja sungani miyezi ingapo. Foni ya wogula ibwera ndithu, kawirikawiri usiku woyamba, kuti alamu ikungolira yokha aneba akudandaula. Musanjenjemere, nthawi zambiri si kuonongeka. Mufunseni pomwe makaniko wamangirira kabokosi, ngati kakulendewera kapena kagunda pulasitiki yogwedera kamamva chilichonse, akamange kolimba pa chitsulo ndi ma cable tie, pulagi itayang'ana pansi kuti madzi asalowe. Kenako atsitse mphamvu ya kumva, pa zina ndi kasikuluwu kakang'ono pa kabokosi, pa zina mumadina batani la limoti kangapo mpaka kulira kusinthe, zili m'kabuku kaja, nde kabukuko kajambuleni masamba onse musanapereke.